Dzanja Langa Lamanja ndi Phewa la Amayi

Lachinayi, sabata yomaliza ya Ogasiti

Lero ndadzuka mtima ukudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Ndisanatsegule n'komwe maso ndinafumbata dzanja langa lamanja pansi pa bulangete, n'kulitambasula, n'kulifumbatanso. Silinalume! Kunja kunali nkhungu ija ya kuno ku Bembeke yobisa ngakhale khola, koma ine ndinatuluka wopanda juzi.

Kope langa, papita miyezi isanu ndisanalembe kanthu mwa iwe, ndiye ndikuuze chifukwa chake ndakutsegula lero. Mawa ndi tsiku lomaliza loti aphunzitsi aakulu alembe mayina a ofuna kulowa Fomu 4. Fizi ilipo, ndinaivutikira ndekha. Koma Fomu 4 ndi kulemba, ndipo pa mayeso munthu amakhala maola awiri bolopeni ili m'manja. Ngati dzanja ili silingathe, ndiye kuti kusukulu ndikangotayako ndalama. Choncho ndadzikonzera mayeso anga. Ndakhala pakhonde pomwe pali dzuwa, ndatchera alamu pafoni kuti ilire pakatha maola awiri, ndipo ndilemba mpaka ilire. Mutu wa chimangirizo ndasankha ndekha: mmene ndinachokera pakhomo pano ndi mmene ndabwerera.

Chaka chatha, nditangomaliza Fomu 3, matenda a chiwawu anawotcha kachewere wathu yense. Abambo anamwalira ndili ku pulayimale, achimwene anakwatira kutali, pakhomo tinatsala awiri, amayi ndi ine. Tinakumba timbulumbulu tokhatokha tosati n'kugulitsa. Tsiku lina ndikusenda timeneti pabwalo, panafika mayi wina wa ku Limbe amene ankagula kachewere kwa anansi athu. Anali ndi malo ogulitsira tchipisi. Anaima n'kumandiyang'ana manja.

"Iwe mtsikana, mpeniwo uli ndi injini?"

Amayi anaseka. "Ameneyu anabadwira m'mizere ya kachewere. Anayamba kusenda asanayambe kuyankhula."

"Ndipatseni. Atsikana anga a m'tauni amasenda ngati akusema mtondo, theka la kachewere limapita ku makoko."

Atachoka, amayi anati, "Sisiliya, nanga sukulu?" Ine ndinayankha kuti, "Chaka chimodzi chokha, amayi. Ndikapeze fizi, ndibwere." Ndinawauzanso kuti ine ndikachoka ufa uzikhalitsa, poti pakamwa patsala pamodzi. Ndinkadziona wanzeru kwambiri ponena zimenezi. Amayi anangoti, "Chabwino," n'kupita kukandichapira zovala.

Ndinapita pa lole, nditakhala pamwamba pa matumba. Sindidzaiwala! Mapiri athu ankabwerera m'mbuyo, mphepo ikundiliza misozi, ine ndikuimba nyimbo za kwaya ndekhandekha. Titadutsa Ntcheu ndinavula juzi. Pofika ku Balaka ndinali nditavulanso sikafu, ndikudabwa kuti anthu amakhala bwanji m'ng'anjo yotere. Ndinalowa mu Limbe pamodzi ndi kachewere wa kwathu, tonse fumbi lokhalokha.

Ntchito yanga inali kuseri kwa nyumba yodyeramo. Anandipatsa kampando, mabeseni awiri ndi mpeni. Kuyambira sikisi m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndinkangosenda. Kutola, kuzunguliza, kuponya m'madzi, kutolanso. Wokazinga pa chiwaya anali achemwali Esinati a ku Thyolo, mayi wa ana awiri, wapakamwa ngati wailesi. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti, "Dedza! Fulumira, anthu afa ndi njala kutsogoloku!" Masabata oyamba ndinkanyadira. Madamu, mwini malo uja, ankaitana anzawo kuti adzaone mmene khoko limatulukira lalitali, lopyapyala, losaduka.

Kusungulumwa kunalipo, ndisaname. Ndinkagona m'kachipinda kosungira matumba, ndipo nthawi zina ndinkatenga kachewere mmodzi wosatsuka n'kumanunkhiza dothi lake. Linkanunkhira ngati kumunda kwathu mvula ikangogwa. Achemwali Esinati atandipeza tsiku lina anaseka mpaka kugwira khoma. "Dedza akupsompsona m'bale wake!"

Lamulungu lililonse, Misa ikatha, ndinkaimbira amayi.

"Muli bwanji, amayi?"

"Tili bwino, mwanawe. Kaya iwe?"

"Ndili bwino."

Mwezi ukatha ndinkagawa malipiro pawiri, ena a fizi, ena n'kutumiza pafoni. Tsiku loyamba kutumiza ndinayenda mumsewu ngati bwana wa banki. Amayi anagula mbewu ndi feteleza, ndipo anandiuza kuti akulitsa dimba. Ndinasangalala kwambiri, osafunsa kuti akuthirira ndani.

(Ndayang'ana foni. Kwatha mphindi makumi anayi. Dzanja latentha pang'ono, basi. Amayi adutsa ndi lichero n'kufunsa kuti, "Wasiya?" Ndawayankha kuti, "Ndikuganiza, amayi, pa mayeso amaloleza kuganiza." Ndipitirize.)

Ululu sindikudziwa tsiku limene unayamba. Ichi ndicho chinandisokoneza kwambiri. Unayamba ngati kutopa chabe, patsinde pa chala chachikulu, pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono. M'mawa dzanja linkauma, ndikasenda pang'ono n'kumasuka, ndiye ndinkati palibe kanthu. Kenako linayamba kuluma masana omwe. Kufinya chovala pochapa kunali ngati wina akundilasa ndi singano. Ndinaswa makapu awiri. Iwe kope, ndinakusiya nthawi imeneyo, chifukwa ndikalemba mizere itatu zilembo zinkayamba kugwa ngati mpanda wakale.

Nditauza madamu, anagwira dzanja langa n'kulitembenuza uku ndi uku. "Bala lili pati? Wadzicheka? Wagwa?"

"Ayi, madamu."

"Ndiye chikupweteka n'chiyani? Ulesi wa m'tauni wakulowa, eti?"

Ndinachita manyazi. Nanenso ndinkaganiza ngati iwo, kuti chopweteka chimayenera kukhala ndi tsiku lake ndi nkhani yake. Munthu amati ndinagwa panjinga, ndinabinya mwendo pa mpira, khasu linanditema. Ine ndinalibe nkhani. Ndinamanga kansalu pamkono n'kupitiriza kusenda, pafoni n'kumati ndili bwino.

Mu Meyi ndi mmene ndinagwa. Ndinanyamula beseni kupita nalo ku chiwaya, ndinaponda khoko lonyowa, phazi n'kuthawa. Mkono wamanzere unagunda m'mphepete mwa chiwaya, mafuta otentha n'kundithovokera. Mayo ine! Ululu umenewo sufunsa, umangofika wonse nthawi imodzi. Ndinakuwa mpaka anthu anasiya mbale zawo. Achemwali Esinati anandikokera pampopi n'kutsegula madzi, akukalipira aliyense wofuna kundipaka zinthu. Madamu anandithamangitsira kuchipatala pa galimoto yawo, anandigulira chakumwa chozizira, n'kundipatsa masiku anayi opuma. Makasitomala ankafunsa kuti, "Kamtsikana kaja kali bwanji?"

Ndilembe chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndili chigonere ndi bandeji, mumtima ndinkakondwa. Tsopano ndinali ndi bala looneka.

Matuza anaphwa, bala linauma m'masabata awiri. Koma dzanja lamanja, nditangobwerera pa kampando kaja, linayambiranso, mwinanso kuposa kale. Tsiku lokaonetsa chilonda komaliza ndinaganiza zochenjera. Ndinauza adokotala kuti, "Ndi dzanja ilinso likupweteka. Ndi kugwa komwe kuja."

Anali bambo wamfupi wa magalasi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo. "Munagwera mbali iti, chemwali?"

"Kumanzere."

"Ndiye lamanjali likulira maliro a mnzake?"

Anamwino anaseka, nane ndinaseka, koma misozi inali pafupi. Adokotala anati ndipinde chala chachikulu m'chikhatho, ndichifumbate ndi zala zinazo, kenako ndiweramitse dzanja cha kumbali ya kachala kakang'ono. Ndinangoyesa pang'ono n'kudumpha pampando.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimasenda kachewere."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse."

Anakoka mpando n'kukhala. Mawu awo ndinawasunga ngati ndikudziwa kuti adzabwera pa mayeso. Anati ululu wina umabwera ndi ngozi: munthu wagwa, wapsa, wathyoka, wabinya, mnofu wang'ambika nthawi imodzi, ndipo aliyense amadziwa ola lake. Koma pali wina wobwera ndi ntchito yobwerezabwereza. "Kwanu kuli chitsime?" anandifunsa. "Chingwe cha ndowa chija chimakhula pamilomo ya chitsime. Palibe tsiku limene wina anachidula ndi mpeni. Koma kukoka lero, kukoka mawa, pamalo amodzimodzi, chimayamba kunyenyeka. M'dzanja mwanumu muli tizingwe tokoka chala ichi. Mwatikhulitsa malo amodzi miyezi yonseyi osatipatsa mpata wopola, ndiye tatupa."

Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Tizingwe timeneti tinatijambula mu Bayoloje ku Fomu 3! Ndinkatiloweza kuti ndikhoze mayeso, osadziwa kuti ndi tanga tomwe. Ndipo sindinali waulesi, sindinali wabodza. Chinthucho chinali ndi chifukwa.

Anandimanga kathabwa kogwira chala kuti chisamayendeyende, anandipatsa mapilitsi, n'kunena kuti mankhwala enieni ndi kusiya mpeni kwa masabata angapo. "Mukapitiriza, lidzafika pokana ngakhale supuni. Kodi dzanja limeneli mukufuna lidzagwire chiyani kutsogoloku?"

"Bolopeni," ndinatero.

"Ndiye sankhani."

Ndinapempha madamu kuti andisinthire ntchito, kaya yoperekera mbale. Anapukusa mutu. "Ine ndinakutengera mpeni, mwana wanga. Operekera ndili nawo kale." Sanandikalipire. Anandipatsa malipiro anga ndi ya basi. Pondiperekeza, achemwali Esinati anakwinya dzanja la bulauzi n'kundionetsa chigongono chawo, chomangidwa kansalu ngati kanga kaja. "Ichi ndi cha chipande cha pa chiwaya, chaka chachisanu chino. Ine ana andimanga miyendo. Iwe pita, Dedza. Ukadzabweranso kuno ubwere kudzagula tchipisi, ndipo udzandipatse ya sopo."

(Kwatsala mphindi makumi atatu ndi zisanu! Ndaika bolopeni pansi, ndatambasula zala kasanu monga anandiphunzitsira kuchipatala, ndaitolanso. Zilembo zikadali chilili.)

Ndinafika kuno mu Juni, kuzizira kuli pachimake. Nditatsika basi pamsewu waukulu, mphepo inandimenya kumaso ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndinakwera kabaza, ndikupatsa moni aliyense, ngakhale anthu osawadziwa. Amayi anandiona ndili patali, anataya nkhuni n'kuyamba kululuta. Ataona chipsera cha kumanzere analira. Anachisisita, anafunsa kuti mafutawo anali ochuluka bwanji, anadandaula kuti sindinawauze. Kathabwa ka kumanja anangokayang'ana kamodzi. Nditawafotokozera za tizingwe tija anangoti, "Tiye ukadye."

Kutacha kunali Lamulungu. Ndinalowa kuchipinda kwawo kukabwereka mafuta odzola, ndipo ndinawapeza akumanga duku. Koma sankamanga monga ankamangira kale. Anali atakhala pamphasa, ataweramitsa mutu mpaka pafupi ndi mawondo, kuti mutuwo utsikire kumene kuli manja, poti mkono wamanja sunkakwera.

"Amayi, phewalo latani?"

"Ndinagonera."

"Liti?"

"Aaa, ndi mphepo ya chaka chino."

"Mwagonera kapena ndi mphepo? Munagwa?"

"Iwe, wabwera ndi udokotala wa ku Limbe? Tichedwa ku Misa."

Madzulo ake ndinapita nawo kudimba, ndipo ndinamvetsa ndisanafunsenso. Dimba linali lalikulu kawiri kuposa limene ndinalisiya, lobiriwira, kachewere mbali iyi, kabichi mbali iyo, lokongola ngati la pa kalendala. Kuchokera kumtsinje kukwera kumizere kunali kanjira kopondekapondeka mpaka kulowa pansi. Pamenepo panali kheni yothirira imodzi. Inzake ija, yanga, inali pakhomo, nkhuku ikuikiramo mazira.

Ndinakumbukira mmene tinkathiririra kale. Wina ankatunga, wina n'kumathirira. Pakapita kanthawi amayi ankati, "Landira," ine n'kulandira, iwo n'kukapalira kapena kukathyola ndiwo. Pamtondo chimodzimodzi. Ponyamula matumba chimodzimodzi. Sitinkaganiza kuti tikuchita chanzeru, tinkangolandirana. Ndinazindikira kuti chikhalire changa pakhomo pano sindinagwirepo ntchito imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nanga ndi chifukwa chake ndinasenda zaka zonse zija popanda chovuta, koma Limbe n'kundidya dzanja chaka chisanathe! Kumene kuja kunalibe wonena kuti landira. Ndipo kuno, ine nditachoka, amayi analibe womuuza. Ndinkawerenga pakamwa pokha, manja osawawerenga.

"Munakulitsiranji dimba muli nokha?" ndinafunsa.

"Mwana akutumiza thukuta lake, ine ndizingodya? Ndinkafuna ukabwera upeze chooneka."

"Bwanji osandiuza kuti likupweteka?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kathabwa kanga. "Iwe unandiuza?"

Tinaseka mpaka kukhala pansi pamzere. Pafupifupi chaka chathunthu tinkathera mayunitsi kunamizana kuti tili bwino!

Kuyambira pamenepo tasintha zinthu. Ndinapita kwa a Nabanda, anansi athu amene dimba lawo lagundana ndi lathu, n'kuwapempha kuti azilandirana ndi amayi, lero kwawo, mawa kwathu. Anati, "Ndakhala ndikuwauza amakowa, koma ndi ouma mutu ngati chitsa." Ine ndinkapalira ndi dzanja lamanzere ndi kuthamangitsa mbuzi. Kathabwa ndinakachotsa kumapeto kwa Julayi. Koma nditayesa kulemba, bolopeni inali yowonda kwambiri, kuitsina kunkadzutsa ululu uja. Ndinaiponya pansi n'kukalira kuseri kwa nkhokwe.

Za chipatala amayi ankakana. "Ndikawauza chiyani? Sindinagwe, sindinapse. Akandiseka kuti mayi uyu wabwera kudzacheza." Ndinawauza za chingwe cha pachitsime mpaka pakamwa kuuma, iwo n'kumangoti ndi ukalamba. Ukalamba wanji, munthu wa zaka makumi anayi ndi mphambu?

Dzulo madzulo anandiitana. M'manja mwawo munali bolopeni yanga, koma yonenepa ngati chinangwa. Anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, mosamala, monga anakulungira chogwirira cha kheni ndi mpini wa khasu lawo. "Chinthu chowonda chimadya dzanja," anatero. "Tayesa iyi." Ndinaigwira. Zala sizinafunikenso kutsina, inangokhala yokha m'dzanja. Ndiye kuti amayi ankadziwa za ululu umenewu kale, njira yake ankaidziwanso, kungoti sankauwerengera ngati matenda.

"Amayi," ndinatero, "tipangane. Mawa ndikalemba maola awiri osasiya, Lachisanu mupita nane. Tiyambira kusukulu, kenako kuchipatala."

"Maola awiri? Iwe wolephera mizere itatu uja? Lemba tione."

Ndi bolopeni imeneyo imene ndikulembera pano. Ndikuwaona amayi pakona pa nyumba. Akunamizira kupeta nyemba, koma nyembazo anapeta kale dzana, ndipo maso awo ali pa ine. A Nabanda nawo afika, akuti adzabwereka sefa, koma akhala pansi. Dzanja likumveka kuti lagwira ntchito, lili ndi kutopa kwabwinobwino ngati kwa miyendo ukachoka ku Mayani wapansi. Singano ija palibe. Ndapinda chala, ndaweramitsa dzanja monga anachitira adokotala. Kukoka pang'ono chabe. Ndikudziwa kuti sindinachiriretu, ndiyenera kumapumira, ndipo mpeni ndi kheni ndizigwira mwa apo ndi apo. Koma taona masamba awa, kope langa! Limodzi, awiri, asanu, asanu ndi atatu, ndipo mzere womalizawu ndi woongoka ngati woyamba uja.

Yalira! Alamu yalira!

A Nabanda alulutira mpaka nkhuku zabalalika. Amayi abwera, atenga kope ili, alitembenuza tsamba ndi tsamba ngakhale zilembo zanga zing'onozing'ono zimawavuta kuwerenga. Kenako ati, "Nanga dimba mawa athirira ndani?"

"Ine," atero a Nabanda. "Mwaluza, mayi. Kasambeni."

Ndawonjezera mizere iyi nthawi itatha kale, pa mayeso enieni akanandilanda pepala. Mawa tidzuka nkhungu isanachoke. Tiyambira kwa aphunzitsi aakulu, ndikalembe dzina langa ndi dzanja langa, bolopeni yonenepayi aseke amene akufuna kuseka. Tikachoka apo tipita kuchipatala, ndipo akakafunsa kuti munagwa liti, ndikayankha ndine kuti sanagwe. Amayi ati avala chitenje chatsopano chimene ndinawagulira ku Limbe. Duku ndawauza kuti asavutike nalo. Akhale tsonga pampando, mutu uli m'mwamba, ndiwamanga ine.